Kukaviika thupi pa kasupe wotentha wa m'chipululu: zoyenera kuchita kuyambira kunyumba mpaka kubwerako

Kasupe wa madzi otentha wa m'chipululu alibe mlonda, alibe chikwangwani chonena kuti lero madzi afika madigiri angati, ndipo chipatala chapafupi chimakhala ulendo wa maola angapo pa msewu wafumbi. Ntchito imene kumalo olipira amakugwirirani antchito, kuno ndi yanu: kuyeza madzi, kuwaziziritsa, kusunga nthawi ndi kudzithandiza zikavuta. Kuviika thupiko n'kwa mphindi 15 kapena 20 zokha. Zina zonse ndi kukonzekera, ndipo n'komwe anthu ambiri amalakwitsa.

Madzi amenewa ndi a mvula yakalekale imene inalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala. Pansi pa nthaka kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse, choncho madzi amene atsika makilomita awiri kapena atatu n'kupeza mng'alu wobwerera msanga amatuluka asanazizire. Kuya kwa ming'alu n'kosiyana, n'chifukwa chake akasupe sakhala ofanana. Ku Puritama, m'chipululu cha Atacama ku Chile, madzi amakhala pafupifupi 33°C. Ku Ai-Ais, kum'mwera kwa Namibia, amatuluka ali cha m'ma 60°C. Ku Double Hot Springs, m'chipululu cha Black Rock ku Nevada, ku America, amafika cha m'ma 80°C, ndipo anthu ndi agalu anaferapo atagweramo. Ndi maso okha simungasiyanitse madzi atatuwa.

1. Sankhani kasupe ndi nyengo

Funsani zinthu zinayi musananyamuke: mwini malo ndani, kodi kuviika thupi n'kololedwa, msewu uli bwanji sabata ino, ndipo mvula inagwa liti komaliza. Woyenera kumufunsa ndi ofesi yoyang'anira malowo, osati chithunzi cha pa intaneti chimene chinajambulidwa zaka zitatu zapitazo. Akasupe ena ndi opatulika kwa anthu a m'deralo, ena ndi otetezedwa ndi lamulo. Ku Devils Hole ku Nevada, m'madzi a 33°C, muli tinsomba timene sitipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo mmodzi mwa amuna amene anathyola mpanda n'kulowamo mu 2016 anakagwira ukaidi.

Pitani m'miyezi yozizira. Thupi limene lili m'madzi a 39°C limataya kutentha kudzera kumutu ndi m'mapewa basi, ndiye mpweya ukakhala nawonso wa 40°C kutenthako kulibe kothawira. Pa chifukwa chomwechi, njira zopita ku Arizona Hot Spring ndi Goldstrike Canyon, kufupi ndi Lake Mead ku America, amazitseka kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 30 Sepitembala chaka chilichonse.

Musapite nokha. Siyirani munthu wodalirika kapepala kolembapo dzina la kasupe, msewu umene mudzere, nambala ndi mtundu wa galimoto, ndi ola limene ayenera kuitana opulumutsa mukapanda kumuimbira. Lembani ola lenileni. Mukangonena kuti "tibwera cha kumadzulo", munthuyo adzakudikirani mpaka kutacha.

2. Longedzani

Madzi akumwa ndiwo oyamba. M'chipululu munthu mmodzi amafunika malita osachepera 4 patsiku, ndipo poti mukukatuluka thukuta m'madzi otentha, werengerani malita 6. Onjezani a masiku awiri a padera, oti mudzamwe galimoto ikafa. Anthu awiri pa ulendo wa masiku awiri: malita 24 akumwa ndi 16 osungira (malita 4 pa munthu patsiku), onse pamodzi 40. Athireni m'zigubu ziwiri kapena zingapo, chifukwa chigubu chimodzi chikabooka ndi mabampu ndiye kuti mwataya zonse. Madzi a pakasupe musawawerengere. Ambiri amakhala ndi poizoni wotchedwa aseniki, fuloraidi wochuluka kapena mchere wambiri, ndipo kuwiritsa sikuchotsa zimenezi, kumangozikhathamiritsa.

Chachiwiri ndi choyezera kutentha. Tengani cha kukhitchini, chokhala ndi kachitsulo kosongoka, chimene chimawerenga kupitirira 100°C. Cha kuchipatala chija chimathera pa 42 kapena 43, ndiye sichingakuuzeni ngati madzi ali pa 45 kapena pa 75. Cholozera patali ndi kuwala chimangowerenga pamwamba pa madzi, ndiponso nthunzi imachisokoneza. Mangirirani choyezera chanu kunsonga ya ndodo yotalika mita imodzi ndi theka kuti muziyeza mutaima patali.

Tenganinso ndowa ya malita 10, nsapato zolowa nazo m'madzi zomanga kuchidendene, thaulo, chipewa, zovala zamphepo, tochi yovala pamutu, wotchi, matumba a zinyalala, mapaketi a ORS, pepala lapulasitiki lopyapyala lokulungira chakudya, bandeji ndi mankhwala opha ululu. Mabotolo agalasi asiyeni. Akasweka m'dziwe la matope palibe angatole zidutswa zonse.

Za galimoto: ikhale yokwera bwino, ndipo ngati msewu ndi wamchenga ikhale yokoka ndi matayala onse anayi. Munyamule matayala a sipeya awiri ngati malo alipo, jeke ndi thabwa lochindikala loikira pansi pake, pampu, choyezera mpweya wa m'matayala, fosholo ndi chingwe chokokera. Mafuta muwagawe patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, gawo losakhudza. Mapu muwasunge mu foni muli kunyumba, ndipo mukhale ndi ena apepala, chifukwa netiweki imatha kalekale musanafike. Kumalo akutali kwenikweni, monga ku Saline Valley mu Death Valley National Park komwe msewu wamiyala umadya maola angapo, kachipangizo koitanira chithandizo kudzera pa setilaiti ndi koyenera ndalama zake.

3. Pa msewu

Pa mchenga wofewa chepetsani mpweya wa m'matayala ufike pa 1.2 mpaka 1.5 bar kuti tayala litambasuke. Yendani pang'onopang'ono, osakhota mwadzidzidzi chifukwa tayala lofewa limavuka pa limu, ndipo mukafika polimba popaninso. Galimoto ikayamba kutitimira chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Kupitiriza kuponda kumangoikumbira dzenje mpaka mimba yake ikhale pansi.

Akasupe ambiri ali m'mphepete mwa nyanja zouma, zigwa zathyathyathya zadongo loyera. Pamwamba pamaoneka pouma mbee, chonsecho pansi pake pali thope lakuya, makamaka kufupi ndi kasupe komwe madzi amayenda pansi chaka chonse. Dongo likayamba kuda mtundu kapena kunyezimira, imani, tsikani, pondani ndi chidendene. Chikalowa, galimoto isiyeni pomwepo, kotsalako mumalize wapansi.

Musaimike galimoto kapena kumanga tenti m'khwawa louma. Mvula ingagwe kumapiri, makilomita ambiri kuchokera pamene muli, kumwamba kwanu kuli kowala bwinobwino, madzi n'kutsika mwamkokomo atasenza miyala ndi mitengo.

4. Mukafika, musathamangire kuvula

Yendani kaye mozungulira malo onse, nsapato zili kuphazi, ana muli nawo padzanja, galu ali pachingwe. Pezani pamene madzi akutulukira, tsatani ngalande yake ndi maso, muone dziwe limene anthu amaviikamo thupi. Pafupifupi nthawi zonse dziwelo limakhala kumunsi, komwe madzi afika atazizirako. Pagwero penipeni si polowa.

Nthaka yozungulira gwero ikakhala yoyera kapena yotuwa, yolimba ndi yong'aluka, musapondepo. Kawirikawiri ndi kachigamba kopyapyala ka mchere wa m'madzi, pansi pake pali thope lowira. Imani mamita awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete. Dziwe la makoma otsetsereka ndi oterera ndilo loopsa kwambiri, chifukwa munthu akagweramo alibe pogwira.

Mtundu wa madzi usakunyengeni. Ndere zobiriwira ndi zachikasu za m'akasupe zimapirira mpaka cha m'ma 73°C, choncho kuona ndere sikutanthauza kuti madzi ndi ofunda chabe. Ndipo dziwe loyera kwambiri, looneka mpaka pansi, lopanda kandere ngakhale kamodzi, ndilo muzilikayikira: mwina latentha moti ngakhale ndere sizingakhalemo.

Fungo la dzira lovunda ndi mpweya wa hydrogen sulphide. Pamalo a poyera, kamphepo kakuomba, fungo lochepa silivuta. Vuto ndi m'mapanga, m'maenje ndi m'maiwe okutidwa, chifukwa mpweyawu ndi wolemera kuposa umene timapuma ndipo umadikha pansi. Ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno, ndiye fungo likazimiririka mwadzidzidzi musaganize kuti mpweyawo watha. Maso akayamba kuyabwa, mutu kuwawa, kapena mukaona mbalame zakufa m'dzenje, kwerani pamtunda kumene mphepo ikuchokera. Mphete ndi mikanda yasiliva muvule, imada bii m'madzi oterewa.

5. Yezani, ndipo yezani malo angapo

Viikani choyezera, dikirani mpaka manambala asiye kusintha. Yezani malo anayi: pamene madzi akulowera m'dziwe, pakati chapamwamba, pansi penipeni, ndi pamene mukufuna kukhala. Kuyeza pansi n'kofunika chifukwa maiwe ena amadyetsedwa ndi timaenje ta m'thope, moti pamwamba pamakhala 38 pamene pa phazi pali 55.

Kuyambira 36 mpaka 38°C mukhoza kukhalamo momasuka. Pa 39 mpaka 40°C ndi potentha ndithu, ndipo 40 ndiwo malire amene amaikidwa pa mabafa otentha opangidwa ndi anthu. Kupitirira apo, ziziritsani kaye. Pa 49°C khungu la munthu wamkulu limapsa kwambiri pa mphindi 5, pa 54°C pa masekondi 30, pa 60°C pa masekondi 6 okha. Khungu la mwana ndi la wokalamba limapsa msanga kuposa apa.

Kuyeza ndi chala n'kudzinamiza. Kukazizira, dzanja lachita dzanzi, madzi a 50°C amamveka okoma kwa masekondi oyamba. Ndipo muziyezanso nthawi iliyonse mukubwereramo, ngakhale munatulukamo theka la ola lapitalo: mphepo ikaleka, kapena wina akasuntha payipi, dziwe limasintha.

6. Madzi akatenthetsa

Njira yosavuta ndi kutsika ndi ngalande mpaka mupeze pamene afika pa 38 kapena 39. Pamene pali bafa lomangidwa ndi payipi, chotsani payipiyo itayire kunja, dikirani, muzitakasa ndi ndowa n'kumayeza. Mphepo youma ya m'chipululu imaziziritsa madzi osaya msanga, koma dziwe lakuya limatenga maola.

Ngati pafupi pali mtsinje wozizira, sakanizani ndi ndowa. Ndowa imodzi ya 60°C ndi imodzi ya 20°C zimapereka 40°C. Gwero likakhala la 80°C ndipo mtsinje ndi wa 15°C, ndowa imodzi yotentha ikumane ndi ziwiri zozizira, mupeza pafupifupi 37°C. Takasani bwino musanayeze, chifukwa madzi otentha amayandama pamwamba pa ozizira. Osakumba ngalande zatsopano kapena kumanga damu: m'malo ambiri otetezedwa ndi mlandu, komanso mukhoza kuumitsa dambo lonse la kumunsi.

7. Lowani pang'onopang'ono

Imwani theka la lita musanalowe. Tsukani mapazi ndi thupi ndi ndowa, mutaima patali ndi dziwe, popanda sopo. Mafuta odzola ndi oteteza kudzuwa amayandama pamwamba n'kupha tizamoyo ta m'madzi, choncho dzuwa mulitchinge ndi chipewa ndi malaya, kapena muviike thupi m'mamawa ndi madzulo. Zovala muzipachike pamtengo kapena pagalimoto, osaziika pa udzu wa m'mphepete momwe mumabisala tizilombo toluma.

Yambani ndi mapazi, dikirani mphindi imodzi, lowani mpaka m'chiuno, kenako khalani pansi madzi alekeze pachifuwa. Manja muziwatulutsa nthawi ndi nthawi kuti thupi lipeze potayira kutentha. Pa 39 mpaka 40°C musapitirire mphindi 15. Tulukani, khalani pamthunzi mphindi 10 kapena 15, imwani madzi, yezaninso, ndiye bwererani ngati mukufuna. Wotchi ikhale ndi munthu mmodzi wodziwika, chifukwa m'madzi ofunda aliyense amaiwala nthawi.

Mowa ayi, ngakhale botolo limodzi. Kutentha kumakulitsa mitsempha ya pakhungu ndipo magazi amathamanga mofooka. Mowa umachita zomwezo n'kuwonjezera tulo. Munthu woledzera akasinza m'dziwe lofika m'mawondo amamira.

Ana osakwana zaka 5 asalowe m'madzi otentha. Mayi woyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, ndi bwino angoviika miyendo, chifukwa thupi lake likatentha kupitirira 39°C mwana akhoza kupunduka msana kapena ubongo. Odwala mtima, khunyu kapena kuthamanga kwa magazi afunse dokotala ulendo usanachitike. Wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi sangamve kuti akupsa, ndiye asaponde pamene sipanayezedwe. Amene ali ndi chilonda chosapola kapena akutsegula m'mimba akhale kunja.

8. Mutu ukhale pamwamba pa madzi

Apa pasakhale kukambirana. M'madzi ofunda opanda mankhwala, mpaka cha m'ma 46°C, mumatha kukhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Naegleria fowleri. Kamakonda thope la pansi. Sikadwalitsa munthu akamwa madziwo kapena akamukhudza pakhungu. Kamalowera m'mphuno, n'kutsata mtsempha wa fungo mpaka ku ubongo. Matendawa ndi osowa kwambiri, koma mwa anthu 100 amene awatenga, oposa 97 amamwalira, kawirikawiri pasanathe masabata awiri.

Choncho osadumphiramo, osamira, osathirana madzi kumaso, osasukusula ndi madzi a m'dziwe, osavundula thope ndi mapazi. Ana ndiwo amaiwala, ndiye muziwayang'anira, kapena avale kotsekera mphuno ka osambira. Ovala magalasi omata m'maso awachotse asanalowe, chifukwa kachilombo kena ka m'madzi, Acanthamoeba, kamabisala kuseri kwake n'kuwononga diso. M'maiko a ku Africa ndi ku Middle East komwe kuli likodzo, maiwe ofunda pang'ono a kumunsi okhala ndi nkhono muwapewe.

Mabingu akamveka, tulukani, kalowe m'galimoto.

9. Potuluka

Musadzuke mwaphuma. Khalani kaye m'mphepete mphindi imodzi miyendo ili m'madzi, ndiye imirirani mutagwira mwala kapena mnzanu. Anthu ambiri amene amavulala pakasupe amagwa pa nthawi imeneyi: magazi ali pakhungu ndi m'miyendo, kumutu afika ochepa, maso achita mdima, ndipo mwala uli ndi ndere. Dzipukuteni msanga n'kuvala. Mpweya wouma umaumitsa madzi a pathupi mofulumira kwambiri, moti dzuwa likalowa mukhoza kuyamba kunjenjemera patangopita mphindi zochepa. Kutumulani nsapato ndi thaulo musanazigwiritse ntchito, zinkhanira zimakonda malo oterewa. Dzitsukeni ndi lita imodzi ya madzi abwino, ndipo chovala chonyowa musagone nacho.

Zikavuta

Wina akapsa, mutulutseni, vulani zovala zonyowa, mphete ndi wotchi malowo asanatupe. Chimene chamatirira pakhungu chisiyeni. Thirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Poti madzi ndi operewera, ikani ndowa yoyera pansi pa chiwalocho, muziwakhira n'kumathiranso omwewo. Ayezi, mafuta, mankhwala otsukira mano, dothi, zonsezi ayi. Matuza musaboole. Yalani pepala lapulasitiki lija pamwamba momasuka, osamanga mothina, ndipo thupi lotsalalo mulifunditse. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, kapena la kumaso, m'manja, kumapazi ndi kumaliseche, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Wochita chizungulire, nseru ndi kufooka mumugoneke chagada pamthunzi, miyendo m'mwamba, ndipo akatsitsimuka azimwa ORS pang'onopang'ono. Mapaketi akatha, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Koma akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, ndiye kuti kutentha kwafika ku ubongo. Muvuleni, munyowetseni thupi lonse, mukupizeni mwamphamvu, itanani chithandizo. Wokomoka musamumwetse kanthu, mugonekeni chammbali.

Galimoto ikafa, khalani nayo. Ili ndi mthunzi ndi madzi anu, ndipo ofufuza amaona galimoto msanga kuposa munthu woyenda yekha. Kukumba ndi kusintha tayala muchite m'mamawa kapena madzulo.

Kugona ndi kuchoka

Kwa nyama za m'chipululu kasupeyo mwina ndiye madzi okhawo pa mtunda wa makilomita ambiri, ndipo zimabwera usiku. Tenti ikhale mamita osachepera 60 kuchokera pamadzi, ndipo fufuzani lamulo la kumaloko: ku Nevada ndi pafupifupi mamita 90, ku Arizona pafupifupi 400. Podzithandiza kumbani dzenje la masentimita 15 mpaka 20, mamita 60 kutali ndi madzi, koma mapepala muwanyamule chifukwa m'nthaka youma sawola. Pamene pali bafa lokhala ndi chotsekera, likhuthuleni, likwecheni ndi burashi popanda mankhwala, bwezerani payipi mmene munaipezera.

Mukafika kunyumba, dziyang'anireni kwa masabata awiri. Tiziphuphu tofiira toyabwa, makamaka pamene panali chovala chosambira, timabwera ndi bakiteriya wa m'madzi ofunda ndipo nthawi zambiri timatha tokha. Tikatupa kapena thupi likatentha, kaonaneni ndi dokotala. Mutu ukayamba kuwawa kwambiri pakati pa tsiku loyamba ndi la 12 kuchokera pamene munali pakasupe, pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza kapena kuuma khosi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku. Musadikire kufunsidwa: uzani dokotala tsiku limene munali pakasupe, dzina la malowo, ndiponso ngati madzi analowa m'mphuno.